Za Dzina Lolembedwa pa Cimbale, ndi za Woyimba Rodriguez

M'maiko a kutsidya lija la nyanja muli mwambo wina umene tifuna kuuyesa mwezi uno, kuti tione ngati muli nzeru m'menemo kapena iai. Mwambowo ndi uwu: anthu okonda nyimbo amasonkhanitsa zimbale za galamafoni, ndipo cimbale cimene aciyesa ca mtengo wopambana ndico cimene mwini nyimbo analembapo dzina lace ndi dzanja la iye yekha. Akuru a mwa inu akumbukira zimbale zakuda zija zimene amuna obwera ku migodi ankafika nazo kumudzi pamodzi ndi galamafoni wopukusa. Anyamata ayesa kuti zinatha kale, koma sizinathe ai. M'caka ca 2022 anthu a ku America anagula zimbale zotere zokwana 41 miliyoni, ndipo zinaposa ma CD, cinthu cimene sicinaoneke ciyambire 1987. Tsono osonkhanitsa acuruka, mitengo yakwera. Ndipo woyimba akamwalira, cimbale cokhala ndi dzina lace cikwera mtengo koposa, pakuti dzanja limene linalemba lagona m'manda, silidzalembanso.

Mlandu suzengeka bwino pa bwalo ngati palibe munthu wooneka ndi maso. Cifukwa cace titenge munthu mmodzi, ndipo pa moyo wace tiyese mwambowu. Dzina lace ndiye Sixto Rodriguez, wopeka ndi woyimba nyimbo za mtundu wochedwa rock, ndizo nyimbo za magitala ndi ng'oma, amene anamwalira pa 8 Ogasiti 2023 ali ndi zaka 81. Tamsankha iye popeza mbiri yace ionetsa poyera kuti kusunga cinthu cimene munthu anacikhudza ndi kwina, kumkumbukira munthuyo ndi kwinanso.

Rodriguez anabadwa pa 10 Julaye 1942 m'mzinda wa Detroit, kumene apanga magalimoto ambiri a ku America. Atate wace anacokera ku Mexico kudzafuna nchito, ndipo anamucha mwanayo Sixto popeza anali wacisanu ndi cimodzi kubadwa. Amace anamwalira iye ali ndi zaka 3. Atakula anayamba kuyimba usiku m'nyumba za mowa, ndipo m'menemo anampeza amuna awiri odziwa kujambula nyimbo, Mike Theodore ndi Dennis Coffey, amene asimba kuti anali kuyimba atafulatira anthu. Cimbale cace coyamba, Cold Fact, cinaturuka mu 1970. Caciwiri, Coming from Reality, anacijambulira ku London, ndipo cinaturuka mu 1971. Zonse ziwiri sizinayende malonda kwao. Kampani ya Sussex imene inaziturutsa inamleka, ndipo mu 1975 iyo yomwe inatsekedwa. Pamenepo Rodriguez anabwerera ku nchito ya manja, kugwetsa nyumba zakale, kusenza zinyalala zace ndi kukonza madenga. Anagula nyumba yoonongeka pa mtengo wa madola 50. Anaphunziranso ku Wayne State University, natsiriza maphunziro a filosofi mu 1981.

Tisanapite patali tiyenera kuziyesa nyimbozo, pakuti dzina la pa cimbale liribe pace ngati m'cimbalemo mulibe kanthu. Pa Cold Fact pali nyimbo 12, zonse zazifupi. Mau a woyimbayo ngoyera, acedwa pa liu liri lonse kuti limveke, ndipo sapfuula monga acita ambiri a mtundu wace. Za m'nyimbomo ndizo zimene anaziona ndi maso m'makwalala a osauka: ogulitsa mankhwala oledzeretsa, akazi ogulitsa thupi, akuru a ndale olonjeza zimene sadzacita, anyamata otumizidwa kunkhondo. Nyimbo yochedwa Sugar Man ndi kulira kwa munthu amene mankhwala amgwira ukapolo, alikuitana wogulitsayo kuti afulumire. Woimvetsa bwino amva kutopa kwa kapolo, osati kukoma kwa mankhwala. Nyimbo yotsiriza pa cimbale caciwiri, yochedwa Cause, iyamba ndi munthu wocotsedwa nchito Krisimasi itayandikira, ndipo iyenda pang'onopang'ono ngati munthu wobwera kumanda. Steve Rowland, amene anaijambula, asimba kuti cimbaleco citangoturuka, Rodriguez yemwe anacotsedwa ndi kampani pa nyengo yomweyo ya Krisimasi. Apa ndipo pali mphamvu yace: sayimba za osauka ngati mlendo wowamvera cisoni, koma ngati mmodzi wa iwo.

Komatu sitinena kuti zonse nzabwino. Nyimbo zina alankhula za akazi ndi mtima wowawa, monga munthu amene anapwetekedwa ndipo sanakhululuke. Zina aunjika mafanizo pamwamba pa mafanizo kufikira womvera asokera. Pa cimbale caciwiri zoyimbira za zingwe zacuruka, ndipo malo ena ziphimba mau monga maudzu aphimba cimanga cosapalira. Ndipo cacikuru nci: aona bala bwino, alikhudza ndi cala, koma mankhwala alibe. Diso lace lifanana ndi la mneneri Amosi pamene adzudzula opondereza aumphawi, koma ciyembekezo ca mneneriyo sicipezekamo. Izi si nyimbo za m'nyumba ya Mulungu, ndipo mwana sayenera kuzimva popanda wamkuru womasulira. Ngakhale ziri tero, munthu woona sangakane kuti ndi nchito ya mmisiri amene anadana ndi bodza.

Tsono imvani codabwitsa. Pamene ku America anamuiwala, zimbale zace zinafika ku South Africa, ndipo kumeneko zinafala ngati moto wa m'chire, makamaka pakati pa anyamata ndi atsikana a Azungu amene analema nao ulamuliro wa tsankho. Odziwa malonda a zimbale ayesa kuti zinagulidwa pafupifupi theka la miliyoni. A wailesi ya boma anaiopa Sugar Man, naikanda ndi citsulo cakuthwa pa cimbale cao kuti wina asaiulutse. Koma za woyimbayo panalibe wodziwa kanthu. Ena anati anadziombera ndi mfuti pamaso pa anthu, ena anati anadzitentha ndi moto; ndipo mbiri zabodzazi zinayenda zaka zoposa 20. Akuru anati, kandimverere anakanena za m'maluwa. Zaka zonsezo mwini wace anali kusenza zinyalala ku Detroit, osadziwa kuti kutsidya alikumlira, ndipo gawo la ndalama loyenera mwini nyimbo silinamfike. Ngakhale dzina losindikizidwa pa cimbale silinali loongoka, pakuti nyimbo zambiri za pa Cold Fact zinalembedwa kuti wopeka wace ndi Jesus Rodriguez, ndilo dzina la mbale wace. Ndipo nkhani imeneyi inafika ku bwalo la milandu ku Michigan mu 2014.

Nanga anapezeka bwanji? Apa osonkhanitsa zimbale ayenera ulemu, ndipo tiwapatse. Stephen Segerman, munthu wokonda zimbale amene pambuyo pace anakhala ndi sitolo yace ku Cape Town, analemba mau mu 1996 kufunsa ngati alipo wina wofuna kulondola nkhaniyi. Mtolankhani Craig Bartholomew Strydom anabvomera. Poyamba anatsata njira imene ndalama zinadzera, koma njirayo inazimirira. Pamenepo anabwerera ku nyimbo zomwe, nazimvetsera liu ndi liu, kufikira anamva m'nyimbo ina dzina la malo, Dearborn. Anafuna pa mapu, napeza kuti ndi mzinda woyandikana ndi Detroit. Mu 1997 analankhula pa lamya ndi Mike Theodore uja, namfunsa kuti Rodriguez anafa imfa yotani. Ndipo anamyankha kuti munthuyo ali moyo. Caka comweco mwana wamkazi wa Rodriguez anaona pa intaneti kuti anthu alikufuna atate wace, nawalembera. Cherani khutu pamenepa, abale: cimene cinamturutsa munthuyu m'manda a bodza ndico kumvetsera mau ace.

Pa 6 Marichi 1998 Rodriguez anaimirira pamaso pa anthu zikwi ku Bellville Velodrome, ku Cape Town, ndipo pa ulendo umenewo anayimba misonkhano 6. Munthu amene analandira dzina lace pa cimbale masiku amenewo analandira cinthu ca tanthauzo ndithu, pakuti cinali umboni kuti uja anamuyesa wakufa ali ndi dzanja logwira colembera. Ubwino wa dzina lolembedwa ndi dzanja uli pamenepa, ndipo ife sitiri alendo ku cinthuci. Akwati alemba maina ao m'buku la mpingo, ndi mboni zao zilemba pansi pace. Agogo athu osadziwa kulemba ankadinda cala. Mtumwi Paulo, ngakhale makalata ace ena anamlembera anthu ena, ankatsiriza ndi moni wa dzanja lace kuti abale adziwe kuti kalatayo ngwoona. Dzina lotere licitira umboni kuti anthu awiri anakomana tsiku lakuti, pa malo akuti. Wosunga cimbale cace cifukwa ca tsiku lija sacimwa kanthu. Afanana ndi mwana wosunga khasu la atate wace.

Koma mwambowu uli ndi zirema zitatu, ndipo coyamba nci: dzina pa cimbale silicitira umboni za mtima wa wolandirayo. Citsanzo coopsa cinaoneka ku New York pa 8 Disembala 1980. John Lennon, woyimba wochuka wa gulu la Beatles, poturuka m'nyumba yace madzulo anakomana ndi mnyamata wonyamula cimbale cace catsopano, Double Fantasy. Ndipo analembapo dzina lace mwaulemu, monga ankacitira onse. Usiku womwewo, pobwera iye kunyumba, mnyamata yemweyo anamuombera ndi mfuti, namupha. Cimbaleco cinatoledwa pafupi ndi cipata, cinakhala umboni m'manja mwa apolisi, ndipo pambuyo pace cinagulitsidwa ndalama zambiri. Kodi amene anacigula akumbukira nyimbo za Lennon, kapena akumbukira mwazi wace? Pamene mtengo wa cinthu ukwera cifukwa ca imfa, wogula ayenera kudzifunsa cimene mtima wace ulikufuna.

Cirema caciwiri ndi cinyengo. Pamene pali ndalama, onyenga asonkhana ngati nchenche pa cironda. Ndipo kutsanza dzina la munthu wakufa nkosabvuta, pakuti mwini wace sangadze kudzakana. Ngakhale kwa amoyo zicitika. M'mwezi wa Novembala 2022 anagulitsa mabuku 900 a woyimba Bob Dylan, liri lonse madola 599, ndi lonjezo lakuti analembamo dzina ndi dzanja lace. Ogulawo atayerekeza zithunzi za mabuku ao pa intaneti, anaona kuti maina ambiri afanana kotheratu, cinthu cimene dzanja la munthu silingathe kucita. Ndipo kunadziwika kuti anawalemba ndi makina. Osindikiza anabweza ndalama, ndipo Dylan anapepesa poyera. Taonani, buku linali lomwelo, mau a m'katimo sanasinthe ndi limodzi lomwe, koma anthu anamva kuti aberedwa. Ici cionetsa kuti cimene analipira sicinali nzeru za mlembi, koma kukhudza kwa dzanja lace. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cirema cacitatu ciposa zinzace. Osonkhanitsa ambiri, akapeza cimbale ca dzina, saciyimbanso, poopa kuti singano ingacikande ndi mtengo wace ungatsike. Acitsekera m'galasi, nacipacika pakhoma. Cinthu cimene cinapangidwa kuti cilankhule acisandutsa cosalankhula. Kumbukirani njoka yamkuwa imene Mose anaipanga m'cipululu: inali ndi nchito yabwino pa nthawi yace, koma ana a Israyeli atayamba kuifukizira zonunkhira, mfumu Hezekiya anaiphwanya. Ndiponso ndalama za malonda amenewa ziyenda pakati pa wogula ndi wogulitsa okha. Cimbale cakale cingagulitsidwe kakhumi, koma woyimba kapena ana ace salandirapo ngakhale tambala. Za Rodriguez ici ciwawa koposa, pakuti munthu amene anagwira nchito ya thukuta zaka zambiri zimbale zace zirikulemeretsa ena, tsopano atamwalira dzina lace lilemeretsanso ena. Malembo anenetsa za mphotho ya wanchito, kuti isagone m'manja mwa womlemba. Ndipo woyimba nayenso ndi wanchito.

Tinenenso za kusimba mbiri yace, pakuti kukumbukira nako kungathe kupotoka. Anthu ambiri a dziko lapansi anamdziwa Rodriguez mwa kanema wochedwa Searching for Sugar Man, amene anampanga Malik Bendjelloul wa ku Sweden mu 2012, ndipo analandira mphotho ya Oscar mu 2013. Kanemayo ngwokoma, ndipo anacita nchito yaikuru, pakuti anampatsa nkhalambayo omvera ndi ndalama akali moyo. Koma wopangayo, pofuna kuti nkhani ikome ngati nthano, anasiya zina. Sananene kuti ku Australia anthu anamdziwa kale Rodriguez, ndi kuti anapitako kukayimba mu 1979 ndi mu 1981. Anakuzanso nchito ya nyimbozo pa kugwa kwa tsankho. Nzoona kuti zinatsegula maso a ana ena a Azungu, ndi kuti oyimba ena a ciAfrikaans amene anatsutsa boma lao anaphunzirako kulimba mtima. Koma anthu akuda, amene anasenza goli lenileni, anali ndi nyimbo zao ndi oyimba ao, monga Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, amene anakhala zaka zambiri m'maiko a eni cifukwa ca tsankholo. Wokonda Rodriguez asaope kunena izi. Munthu amene anayimba zoona safuna kumkometsa ndi mbiri yodulidwa.

Ndipo iye mwini anaulandira bwanji ulemu? Atabwera ku South Africa mu 1998 anabwerera ku nchito yace ya manja, ndipo a m'banja lace asimba kuti ndalama zambiri za ulendowo anagawira abale ndi abwenzi. Kampani ya Light in the Attic itaturutsanso zimbale zace mu 2008 ndi 2009, ndi kanema uja atachuka, anayimba m'misonkhano yaikuru ya ku America ndi ku Ulaya, koma anakhalabe m'nyumba yace yakale ija. Tsiku lopereka mphotho ya Oscar sanapiteko, posafuna kulanda ulemu wa opanga kanema. Pa ukalamba wace maso anayamba kuzima ndi nthenda, kotero kuti ankamgwira dzanja pokwera pa nsanja yoyimbira. Wosunga dzina limene nkhalambayo inalemba m'zaka zimenezo aganize kuti linalembedwa ndi munthu wosaona bwino pepala, ndipo alilandire monga mphatso ya munthu wofatsa. Kuliwerengera phindu lace pa tsiku la maliro ndiko kusamdziwa konse wolembayo.

Wina adzati, izi nza Azungu a ndalama, ife a kumudzi zitikhudza pati? Zitikhudza ndithu. Ku Zambia kunali Paul Ngozi, amene anayimba rock m'Cingerezi ndi m'Cinyanja, namwalira mu 1989. Lero zimbale zace zakale azifunafuna osonkhanitsa a ku America ndi ku Ulaya, ndipo mitengo yace mwini wace sanaione. Pakati pathu pomwe, mnyamata apita pa msika, nalipira ndalama pang'ono kuti amthirire nyimbo mazana m'lamya yace, ndipo oyimba ace salandirapo kanthu, ngakhale bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze gawo lao. M'mipingo yathu muli nyimbo zokoma zimene makwaya aziyimba caka ndi caka, koma mukafunsa amene anazipeka, palibe wodziwa; kapena ndi mphunzitsi wina wokalamba amene akhala mudzi wapafupi, wosowa ndi sopo yemwe. Tsiku la maliro ace tidzabvala bwino ndi kumtama kufikira dzuwa kulowa. Kodi pamenepo tisiyana ciani ndi aja anamlira Rodriguez ali moyo, osamtumizira kanthu?

Ciweruzo cathu tsono nci. Kusunga cimbale cokhala ndi dzina la woyimba sikoipa, ngati dzinalo likumbutsa tsiku limene munakomana naye, ndi ngati cimbaleco cibwererabe pa galamafoni kuti ana amve. Koma kukumbukira koona kuli ndi nchito zace zimene colembera sicingathe kuzigwira: kumvetsera mau a munthuyo kufikira mwawadziwa, abwino ndi opunduka omwe, kusimba mbiri yace yonse osadula, ndi kumpatsa gawo lace dzanja lace likali lofunda. Amuna awiri aja a ku South Africa anacita cotero, ndipo mwa ici Rodriguez anakhala zaka 25 zotsiriza za moyo wace akudziwa kuti nyimbo zace sizinagwe pa thanthwe. Inu amene mutsogolera makwaya, Sabata likudzali funsani amene anapeka nyimbo zimene muyimba, lembani maina ao m'buku la kwaya, ndipo ngati akali moyo, pitani mukawaone, osapita cimanjamanja.